Anakonza, Inde, Koma Anakonzera Ndani?

Miyezi ingapo yapitayo ndinapatsidwa ntchito yomasulira m'Chichewa kabuku kofotokoza mwachidule mbiri ya United States. Mitu iwiri ya pakati ndiyo inandichedwetsa. Woyamba unkakamba za zaka za pakati pa 1890 ndi 1920, zimene eni ake amazitcha Progressive Era, pamene dzikolo linachepetsa mphamvu za makampani akuluakulu, linaika malamulo oteteza ogula ndi antchito, n'kupatsanso amayi ufulu wovota. Wachiwiri unkakamba za zaka zomwezo koma kunja kwa dzikolo: nkhondo yolimbana ndi Spain, zilumba za Philippines, Hawaii, Puerto Rico, ngalande ya Panama, Haiti. Mutu woyamba unalembedwa monyadira, ndipo chabwino chilichonse chinali ndi mwini wake wotchulidwa dzina. Mu wachiwiri zinthu zinkangogwa zokha ngati mvula. Zilumba zinkangopezeka zili m'manja mwa America, nkhondo zinkangobuka, mtendere unkangobwezeretsedwa, osadziwika wobwezeretsayo.

Kabukuko sikanali ndi bodza lenileni. Zaka ndi maina zinali zolondola. Chimene ndikukana ndi kagawidwe kameneka, kamene ndakaonanso m'mabuku ena ambiri, koonetsa ngati panali ma America awiri: wina wachifundo wosesa pakhomo, wina wosochera amene anapezeka mwangozi ali m'minda ya eni. Ine ndikuti mitu iwiriyi ndi nkhani imodzi. Anthu ake ndi omwewo, zaka zake ndi zomwezo, ndipo ganizo lowatsogolera linali limodzi.

Chinanditsegula maso ndi mawu amodzi. Chingerezi chili ndi mawu onena za kusintha malamulo kuti zinthu ziyende bwino, ndipo mawuwo amatha kuima okha osatchula wopindula. M'Chichewa ndinafikira pa mneni wakuti kukonza. Mneni ameneyu ukangomuwonjezera kachidutswa n'kukhala kukonzera, khutu limayamba kudikira munthu: anakonzera ndani? Komanso tonse tikudziwa kuti kukonza sikuli kumodzi. Mmisiri amakonza njinga kuti iyende. Mayi amakonza nkhuku kuti alendo adye. Munthu akakuloza chala n'kunena kuti "ndikukonza", suyembekezera zabwino. M'zaka zimenezo America inakonza m'njira zonsezi, ndipo amene inawakonzera anali ena, amene inawakonza analinso ena.

Ndiyambe ndi kupereka ulemu pamene pakuyenera, wina angati ndangodana ndi dziko la eni. Mavuto amene okonza aja ankalimbana nawo anali enieni. Pofika 1913 America inkapanga zitsulo zochuluka kuposa Britain ndi Germany kuphatikiza pamodzi, koma chumacho chinaunjikana m'manja mwa ochepa. Panthawi ina Standard Oil ya John D. Rockefeller inkayenga pafupifupi 90 peresenti ya mafuta onse oyengedwa m'dzikomo. Mu 1901 J. P. Morgan anagula kampani ya zitsulo ya Andrew Carnegie n'kupanga U.S. Steel, kampani yoyamba kupitirira madola biliyoni imodzi. Ana ankagwira ntchito m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a nsalu. Pa 25 Malichi 1911 moto unabuka pa fakitale yosoka zovala ya Triangle ku New York, ndipo anthu 146 anafa. Ambiri anali atsikana obwera, a ku Italy ndi Ayuda a kum'mawa kwa Europe, ndipo zitseko zina zothawira zinali zokhoma.

Anthu olimba mtima anadzuka. Ida Tarbell anafukula zachinyengo za Standard Oil m'buku lake la 1904, ndipo mu 1911 khoti lalikulu linalamula kuti kampaniyo igawidwe kukhala makampani 34. Buku la Upton Sinclair lotchedwa The Jungle linaonetsa uve wa m'malo ophera nyama ku Chicago, boma n'kukhazikitsa malamulo oyendera nyama, zakudya ndi mankhwala. Moto wa Triangle utachitika, New York inaika malamulo ambiri a chitetezo m'mafakitale. Mu 1913 anthu anayamba kusankha okha maseneta awo, ndipo boma linapatsidwa mphamvu yodula msonkho pa ndalama zimene munthu amapeza. Mu 1920 amayi analoledwa kuvota. Zimenezi sindikuzipeputsa. Aliyense amene anagulapo mankhwala achinyengo pamsika, kapena ali ndi m'bale amene analumala pantchito osalandira kanthu, akudziwa kufunika kwa malamulo otere.

Koma tiyeni titenge okonzawo mmodzimmodzi, tiwatsate kumene ankapita akatuluka m'mutu woyamba.

Carter Glass anali mwini nyuzipepala m'tauni ya Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Mabuku amamukumbukira chifukwa cha lamulo la 1913 lokhazikitsa Federal Reserve, banki yaikulu ya dzikolo, limene analitsogolera m'nyumba ya malamulo monga wapampando wa komiti yoona za mabanki. Mu 1901 ndi 1902 Glass yemweyu anali pamsonkhano wolemba malamulo atsopano oyendetsera Virginia, ndipo ananena poyera kuti cholinga cha msonkhanowo chinali kuchotsa m'kaundula wa voti munthu wakuda aliyense amene akanatheka kuchotsedwa popanda kuswa malamulo a dziko lonse. Njira zake zinali msonkho wolipira usanavote ndiponso mayeso oti ufotokoze ndime ya malamulo mpaka kalaliki wachizungu atakhutira. Malamulowo sanawapititse kwa anthu kuti awavomereze pa voti. Anangowalengeza.

Glass ndi anzake sankaona kuti akudzitsutsa. Kwa iwo kulanda akuda voti kunalinso kukonza, ndipo ankakutcha kuyeretsa zisankho kuti katangale ndi kugula mavoti zithe. Mississippi inayamba mu 1890, zigawo zina zakummwera n'kutsatira. Ku Louisiana akuda olembedwa m'kaundula wa voti anali oposa 130,000 mu 1896, koma pofika 1900 anatsala pafupifupi 5,000. Phungu wakuda George Henry White wa ku North Carolina atatuluka m'nyumba ya malamulo mu 1901, simunalowenso munthu wakuda mpaka 1929. Zaka zambiri zimene kabuku kaja kamati demokalase inakula zili mkati mwa mpata umenewu. Ngakhale voti ya amayi ya 1920 sinafike kwa amayi akuda ambiri akummwera, amene anadikira mpaka lamulo la 1965.

Wachiwiri ndi Josephus Daniels, mkonzi wa nyuzipepala ya News and Observer ku Raleigh. Mu 1898 nyuzipepala yake inatsogolera kampeni yoti azungu okha ndiwo alamulire North Carolina. Mapeto ake anaoneka mumzinda wa Wilmington pa 10 Novembala chaka chomwecho, pamene azungu onyamula mfuti anatentha ofesi ya nyuzipepala ya akuda, anapha anthu akuda m'misewu, n'kugwetsa khonsolo yosankhidwa mwalamulo. Mu 1913 Pulezidenti Woodrow Wilson anasankha Daniels kukhala nduna yoona za asilikali apamadzi. Kumeneko anali wokonza weniweni: anatsegulira asilikali wamba maphunziro ndipo analetsa mowa m'sitima zankhondo. Iye ali pampando womwewo, mu Disembala 1914 asilikali ake anatsikira ku Port-au-Prince, ananyamula golide wa madola 500,000 m'banki ya dziko la Haiti n'kupita naye ku National City Bank ku New York. Mu Julayi 1915 anabweranso, ulendo uno kudzakhala, ndipo anachoka mu 1934. Malamulo a Haiti, amene kuyambira nthawi ya ufulu ankaletsa akunja kukhala ndi malo, analembedwanso mu 1918 n'kuchotsa chiletsocho. Alimi ankagwidwa kukalambula misewu mokakamizidwa, ntchito imene agogo athu akanaitcha thangata. Mtsogoleri wa okana, Charlemagne Péralte, anaphedwa mu 1919, mtembo wake n'kuumangirira pachitseko ndi kuujambula kuti ena aope. Ndiuzeni, Daniels ndimuike m'mutu woyamba kapena wachiwiri?

Wachitatu ndi Albert Beveridge, seneta wa ku Indiana. Ndiye anakankha lamulo loyendera nyama mu 1906, ndipo analimbana kwambiri kuti ana asamagwire ntchito m'mafakitale. Ndiyenso anaimirira mu Senate mu Januwale 1900 n'kunena kuti anthu a ku Philippines sangathe kudzilamulira, ndipo America isunge zilumbazo chifukwa ndi khomo lolowera kumsika wa China. Apa mpamene chuma cha kunyumba chikukumana ndi mfuti za kunja. Chuma chitagwa mu 1893, mafakitale anatsekedwa, antchito ananyanyala, ndipo atsogoleri ambiri anakhulupirira kuti dzikolo likupanga katundu woposa amene eni ake angagule, choncho pafunika misika ina, madoko omwetsera sitima malasha, ndi sitima zankhondo zolondera zonsezi.

Anthu a ku Philippines anali atayamba kale kumenyana ndi Spain asanafike Amereka aliyense. Emilio Aguinaldo analengeza ufulu pa 12 Juni 1898, ndipo pofika Januwale 1899 anali ndi malamulo awo oyendetsera dziko. Koma pangano la ku Paris la Disembala 1898 linapereka zilumbazo kwa America pa mtengo wa madola 20 miliyoni, eni ake osakhala nawo patebulo. Nkhondo inayamba mu Febuluwale 1899. Asilikali a America anafa oposa 4,000, omenyera ufulu pafupifupi 20,000, ndipo anthu wamba ofa ndi nkhondo, njala ndi matenda amawerengedwa pafupifupi 200,000. Ogwidwa ankamwetsedwa madzi mokakamiza mpaka mimba kutupa kuti aulule. Ku Batangas anthu anasonkhanitsidwa m'misasa yolonderedwa, kumene matenda anawasesa. Pachilumba cha Samar mkulu wa asilikali Jacob Smith analamula kuti aphedwe aliyense wopitirira zaka khumi wotha kunyamula chida. Anaimbidwa mlandu kukhoti la asilikali, ndipo chilango chake chinathera pa kupumitsidwa ntchito.

Ngati maina atatu sakukwanirani, tengani chaka chimodzi, 1906, muchiwerenge mwezi ndi mwezi. Pulezidenti anali Theodore Roosevelt, mfumu ya okonza onse. Mu Malichi, pachilumba cha Jolo, asilikali olamulidwa ndi Leonard Wood anazinga Asilamu amene anathawira pamwamba pa phiri la Bud Dajo, ena mwa iwo pokana msonkho. Anapha anthu oposa 600, amayi ndi ana omwe, iwo n'kutaya asilikali pafupifupi 20. Roosevelt anatumizira Wood uthenga womuyamikira. Wood ameneyu anali dokotala, ndipo ankatamandidwa chifukwa cha ukhondo umene anakhazikitsa ali bwanamkubwa ku Cuba. Mu Juni Roosevelt anasaina lamulo loletsa makampani a njanji kukweza mitengo mwachisawawa, ndiponso malamulo aja a zakudya ndi mankhwala. Mu Sepitembala, mnyamata wa ku Congo dzina lake Ota Benga anaikidwa m'nyumba ya anyani pamalo oonetsera nyama ku Bronx kuti anthu a ku New York azimuonerera. Mmodzi wa akuluakulu a bungwe loyendetsa malowo anali Madison Grant, wotchuka poteteza nyama zakutchire ndi nkhalango, amene mu 1916 anatulutsa buku lophunzitsa kuti mitundu ya anthu ili ndi yapamwamba ndi yapansi. Mwezi womwewo magulu a azungu anapha akuda m'misewu ya Atlanta, patangopita kampeni imene Hoke Smith anapambana nayo polonjeza zinthu ziwiri: kuweta makampani a njanji ndi kulanda akuda voti. Mwezi usanathe asilikali a America anatenganso ulamuliro wa Cuba, mpaka 1909. Mu Novembala Roosevelt anachotsa ntchito mochititsa manyazi asilikali akuda 167 chifukwa cha kuwombera kumene kunachitika ku Brownsville, popanda mlandu kuzengedwa. Boma linavomereza kulakwa kumeneku mu 1972. Mu Disembala Roosevelt analandira mphoto ya mtendere ya Nobel chifukwa choyanjanitsa Russia ndi Japan.

Kabuku kaja kanatenga Juni n'kumuika m'mutu woyamba, Disembala m'mutu wachiwiri, miyezi inayo n'kuisiya. Munthu amene ankawerenga nyuzipepala chaka chimenecho anaziona zonsezi patsamba limodzi.

Chinkamanga zonsezi pamodzi n'chiyani? Okonza ambiri ankakhulupirira kuti dziko liyenera kuyendetsedwa ndi anthu ophunzira, odziwa kuwerengera ndi kuyeza, m'malo mwa andale akatangale. Ganizo limeneli lili ndi ubwino wake. Koma m'mitu ya ambiri mwa iwo linkayenda ndi lina: lakuti mitundu ya anthu ili pa makwerero, ndipo kudzilamulira ndi mphoto ya amene afika pamwamba. Mtsikana wa ku Italy wosoka malaya ankaonedwa ngati munthu woti akhoza kuphunzitsidwa n'kukhala nzika. Mlimi wakuda wa ku Mississippi, mbadwa ya ku Dakota, msodzi wa ku Luzon ndi mlimi wa ku Haiti ankaonedwa ngati ana ofunika mlezi. Mlezi wotereyu amamanga chimbudzi ndi sukulu mosangalala, ndipo mwana akakana amatenga chikwapu popanda chikumbumtima kumuvuta, poti akuti n'zomuthandiza yemweyo.

Makhoti anaika ganizo limeneli m'malamulo. Mu 1896, pa mlandu wa Plessy v. Ferguson, khoti lalikulu linavomereza kulekanitsa akuda ndi azungu m'sitima zapamtunda. Mu 1901, pa mlandu wa Downes v. Bidwell, khoti lomwelo linagamula kuti Puerto Rico ndi ya America koma malamulo oyendetsera America sagwira ntchito yonse kumeneko. Woweruza Henry Billings Brown ndiye analemba chigamulo choyamba, ndiyenso analemba maganizo otsogolera pa chachiwiri. Woweruza John Marshall Harlan anatsutsa pa milandu yonse iwiri. Oweruza eni akewo ankadziwa kuti funso linali limodzi: kodi boma lingalamulire munthu amene silimuwerengera mokwanira? Mpaka lero anthu okhala ku Puerto Rico ndi nzika za America zosavotera pulezidenti.

Ndikudziwa zimene otsutsa anganene, ndipo zina mwa izo n'zolemera.

Choyamba amati America inamanga masukulu ndi kuthetsa matenda. N'zoona. Mu 1901 aphunzitsi mazana angapo anafika ku Manila pa sitima yotchedwa Thomas. Ku Panama dokotala William Gorgas analimbana ndi udzudzu mpaka matenda amene anagonjetsa a ku France anachepa, ndipo ngalande inatsegulidwa mu 1914. Koma onani mmene ntchito yokumbayo inakonzedwera. Antchito anagawidwa pawiri, olipidwa pa kaundula wa golide ndi olipidwa pa kaundula wa siliva. Azungu a ku America anali pa golide, akuda ochokera ku Barbados ndi zilumba zina pa siliva, ndipo nyumba, malo odyera ngakhale mawindo a positi ofesi zinali zosiyana. Mwa antchito pafupifupi 5,600 amene anafa America ikukumba, ochuluka anali a pa siliva. Luso lomwe linapha udzudzu ndi lomwenso linalemba makaundula awiriwo. Ndipo ife a kuno mfundo ya masukulu ndi zipatala si yachilendo. Tinaimva kwa atsamunda athu, ndipo tinawayankha kalekale kuti chipatala n'chabwino koma sichigula dziko la munthu.

Chachiwiri amati ndikuweruza anthu akale ndi maganizo a lero. Ayi ndithu. Owaweruza analipo nthawi yomweyo, ndipo ankalankhula mokweza. Mu 1897 mbadwa za ku Hawaii zoposa 21,000 zinasaina zikalata zokana kuti dziko lawo litengedwe, patapita zaka zinayi amalonda achizungu atagwetsa Mfumukazi Liliuokalani mothandizidwa ndi asilikali a America. Ida B. Wells anayamba mu 1892 kulemba ndi kuwerengera akuda ophedwa ndi magulu a anthu popanda mlandu, ndipo pa chionetsero cha amayi ofuna voti mu 1913 anakana kuyenda kumbuyo kumene anauzidwa. George Henry White anabweretsa bilu yoletsa kupha kotereku mu 1900. Nyumba ya malamulo imene inapeza nthawi yoteteza nyama ya m'chitini sinaipeze nthawi ya biluyo, ndipo lamulo lotere linadzakhazikitsidwa mu 2022. William Monroe Trotter anapita kwa Wilson mu 1914 kukamufunsa pamaso chifukwa chimene boma lake linkalekanitsira akuda ndi azungu m'maofesi, Wilson n'kukwiya. Mark Twain ananyoza poyera nkhondo ya ku Philippines m'zolemba zake. David Fagen, msilikali wakuda, anathawa gulu lake mu 1899 n'kukamenya nkhondo kumbali ya eni dziko. Anthu awa sanabwereke maganizo kwa ife. Anaona, ananena, anagonja chifukwa mphamvu zinali kwa ena.

Chachitatu ndicho cholemera koposa: si okonza onse amene ankafuna maiko a eni, ndipo si onse okana utsamunda amene anali oyera mtima. Jane Addams, amene anatsegula Hull House ku Chicago mu 1889 kuti athandize osauka, anatsutsa kutenga Philippines ndipo anali m'gulu loyambitsa NAACP mu 1909. Kumbali inayo, Carnegie, amene kampani yake inaphwanya sitalaka ya ku Homestead mu 1892, anatsutsa nawo kutenga zilumbazo. Seneta Benjamin Tillman wa ku South Carolina anatsutsanso, koma chifukwa chake chinali chakuti sankafuna anthu enanso osakhala azungu pansi pa mbendera ya America. Zonsezi ndikuzivomereza. Sindikunena kuti aliyense wofuna mkaka waukhondo ankafunanso Manila. Ndikunena za amene anagwira cholembera chosainira malamulo ndi kutumiza sitima: Roosevelt, Wilson, Beveridge, Daniels, Glass, Wood. Ndipo nkhani ya Tillman ikundithandiza, chifukwa ikuonetsa kuti mkangano wa mu Senate kwakukulu unali wa azungu okhaokha, wokambirana ngati anthu ena asungidwe m'khola kapena asiyidwe kunja kwa mpanda. Zoti angakhale anzawo ofanana nawo, ochepa okha ndiwo ankaziganizira.

Ena amati maiko a ku Europe anachita zoipa zoposa. Sindikufuna kuyeza mitembo pasikelo. Ndingokumbutsa kuti America sinali kutali ndi ntchito ya anzakewo. Mu 1884 inali dziko loyamba kuvomereza mbendera ya bungwe la Mfumu Leopold ku Congo, kumene Ota Benga anadzachokera. Mu 1910 Roosevelt, akuchokera kokasaka nyama ku East Africa, anaima ku London n'kulangiza a Britain kuti agwire Egypt mwamphamvu. Kusiyana kwake n'kwakuti Britain inkadzitcha ufumu wolamulira maiko ena mosabisa, pamene America inapeza mawu ena ofewa. Mawu ofewawo ndi amene womasulira amapatsidwa kuti awatembenuze.

Apa mpamene nkhaniyi ikutikhudza ife olemba ndi kuwerenga m'zinenero za kuno. Wowerenga Chingerezi akakayikira buku limodzi amatsegula lina, ndipo alipo ambiri olembedwa ndi akatswiri a ku America komweko amene amanena zonse ndanenazi. Wowerenga Chichewa, Chishona kapena Chibemba kawirikawiri amakhala ndi buku limodzi pa nkhani yotere, ndipo limenelo limasanduka choonadi chonse. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Womasulira ndi kandimverere wa anthu ake, ndipo akabwera ndi mitu iwiri yolekanitsidwa bwinobwino, wawapatsa phunziro lolakwika: lakuti dziko limayamba lasesa m'nyumba, kenako mphamvu zimabwera zokha ngati mphoto ya ukhondo. Phunziro limeneli ndalimvapo kwa anzanga ophunzira, akumati ife tichite ngati America. Malamulo oyendera zakudya titengere ndithu. Koma tidziwe kuti chuma ndi bata zimene zinalola kukonza kumeneko zinali ndi owalipirira, ndipo olipirawo sanafunsidwe. Ifenso maboma athu akamalengeza kuti akukonzanso zinthu, funso loyamba likhale lomwe lija la mneni wathu.

Ndibwerere ku Lynchburg, tauni ya Carter Glass. Mu 1897 John Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth, ndipo anakaphunzira pa Virginia Theological Seminary and College, sukulu ya akuda a mpingo wa Baptist m'tauni yomweyo, mphunzitsi wamkulu ali Gregory Hayes. Anali ku Virginia chaka cha nkhondo ya Spain ndi cha Wilmington. Anabwerera kwawo mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mothandizidwa ndi akuda a National Baptist Convention. America imene inamulandira ndi kumuphunzitsa inali ya anthu omwe aja Glass ankakonza zowachotsa m'kaundula. Chilembwe anaphedwa mu Febuluwale 1915, miyezi isanu asilikali a Daniels asanatsikire ku Haiti. Mu 1910 Ota Benga, atapulumutsidwa ku Bronx ndi abusa akuda, anafika ku Lynchburg komweko n'kusamalidwa ndi banja la malemu Hayes. Anagwira ntchito pa fakitale ya fodya, akulakalaka kubwerera kwawo, koma nkhondo yaikulu inatseka njira za panyanja. Anadzipha mu Malichi 1916. Tauni imodzi yaing'ono inasunga tate wa banki yaikulu ya America, m'busa wa ku Chiradzulu ndi mnyamata wa ku Congo, ndipo mwa atatuwa kabuku kaja kanatchula Glass yekha, pa nkhani ya banki yokha.

Ntchito ndinaigwira monga ndinatumidwa, chifukwa womasulira saloledwa kulemba buku lake m'chikuto cha mnzake. Koma ndinalembera eni kabukuko kuwapempha kuti mitu iwiriyo ilumikizidwe, kapena pakhale tsamba limodzi pakati lonena kuti anthu a m'mutu uwu ndi omwewo a m'mutu winawo. Anandiyankha mwaulemu kuti malo ndi ochepa, komanso zoterezi zingasokoneze owerenga ongoyamba kumene. Za malo sindingatsutse. Koma owerenga amene agogo awo analipira msonkho wa nyumba ku boma limene sanalisankhe, n'kumauzidwa kuti n'chitukuko chawo chomwe, sangasokonezeke ndi nkhani ya Josephus Daniels. Angaimve msanga kuposa ana a ku Raleigh.